Tembenuzani Supuniyo

 

Tamverani kaye kaphokoso aka. Mwamva? Ndagogoda supuni patebulo. Lero ndabwera ndi supuni. Supuni imodzi basi.

Supuniyi ndi yakale kuposa ine. Mwinanso ndi yakale kuposa agogo anga. Inachokera ku France. Anandipatsa ndi mnzanga amene anakaphunzira kumeneko, ndipo iye anaigula pamsika wa zinthu zakale. Ikalemera m'manja, ikanyezimira, munthu umangoti, koma uyu ndiye siliva. Ndinatero inenso. Ndinalakwitsa. Siliva alipo ndithu, koma ali pamwamba pokha, ngati khungu. Mkati mwake muli chitsulo china.

Mwina mwayamba kale kunena kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Dikirani. Ku France, ndi kumayiko ena ambiri, kuli anthu amene amalawirira m'mamawa kukasaka zinthu zoterezi. Masupuni, mafoloko, matiyipoti, mathireyi, zoikapo makandulo. Amadziwa bwinobwino kuti siliva wake ndi wapakhungu chabe. Sanapusitsidwe. Nanga akufunanji? Limeneli ndilo funso lathu lero. Munthu amene akudziwa kuti mkati si siliva, akugula chiyani?

Tiyambire kunyumba kwathu komwe. Mukukumbukira kabati ya amayi? Ija ya galasi, ya pabalaza? Munali mbale za alendo. Makapu a alendo. Mwana ukangogwira, unkamva dzina lako lonse likutchulidwa. Mbale zimenezo zinkatuluka pa Khirisimasi, kapena abusa akabwera, kapena tsiku la chinkhoswe. Afalansa nawonso ali ndi zawo za alendo. Kwa nthawi yaitali, mtsikana akamakwatiwa ankalandira bokosi la masupuni ndi mafoloko, chilichonse chitagona m'kamphako kake, pansalu yofewa. Bokosilo amalitcha ménagère. Kawirikawiri munkakhala mafoloko 12, masupuni akuluakulu 12, masupuni a tiyi 12, ndi chipande chimodzi chomorera msuzi. Agogo akamwalira, bokosi limapita kwa mwana. Mwana akamwalira, limapita kwa mdzukulu. Mdzukulu wa lero ali ndi makina otsukira mbale, alibe nthawi yopukuta foloko imodziimodzi. Ndiye amakaligulitsa. Apa ndi pamene osonkhanitsa aja amalowera.

Tsopano tibwerere kumbuyo, kwa mafumu.

Ku France kunali mfumu yotchedwa Louis XIV. Inkakhala ku Versailles. Mfumu imeneyi inkakonda siliva mosabisa. Osati masupuni okha ayi. Matebulo a siliva. Mipando ya siliva. Miphika yodzalamo mitengo ya malalanje, ya siliva. Siliva weniweni, kunja ndi mkati momwe. Koma mfumu yomweyi inkakondanso nkhondo, ndipo nkhondo imadya ndalama. M'chaka cha 1689 thumba linauma. Mfumu inalamula kuti zonsezo zipite kong'anjo. Anazisungunula, matani pafupifupi 20, n'kusula ndalama zolipira asilikali. Ntchito imene amisiri anaithera zaka, moto unaimaliza m'miyezi yochepa. Patapita zaka 20 zinachitikanso, ndipo anthu olemera anauzidwa kuti nawonso apereke mbale zawo. Kenaka kunabwera chipwirikiti chimene chinagwetsa ufumu, ndipo siliva wa m'matchalitchi ndi wa m'nyumba za akuluakulu analowanso pamoto.

Mwaiona mfundo yake? Siliva weniweni ndi ndalama imene yangovala maonekedwe a mbale. Zinthu zikavuta, amavula maonekedwewo n'kubwerera ku ndalama. N'chifukwa chake ziwiya za siliva za nthawi ya mafumu amenewo zilipo zochepa kwambiri lero. Ndibwerezenso: chimene chinali chamtengo wapatali ndicho chinatha. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Tsopano tifike kwa munthu amene dzina lake lili kumbuyo kwa supuni yangayi. Dzina lake Charles Christofle. Anali mmisiri wa mikanda, mphete ndi ndolo mumzinda wa Paris. Ku Birmingham, ku England, anthu a banja la Elkington anali atapeza njira yokutira chitsulo ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi. Ku France komweko Henri de Ruolz ankayesanso zofanana. M'chaka cha 1842 Christofle anagula ufulu wogwiritsa ntchito njirazo m'dziko mwake.

Njirayo imayenda chonchi. Mumasula supuni ya chitsulo chotchipa, chosakaniza mkuwa, zinki ndi nikelo. Mumaisalaza bwino. Kenaka mumaimiza m'madzi a mankhwala momwe mwasungunukira siliva. Mbali ina mwapachika chipapati cha siliva. Mukalumikiza magetsi, siliva amayamba kuchoka uko n'kumadzamata pasupuni. Pang'onopang'ono. Simungamuone ndi maso akuyenda. Mukaivuula, supuni ija yavala. Ikakhalitsa m'madzimo, chovalacho chimakhuthala. Mukaitulutsa msanga, chimakhala chopyapyala.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali anthu amene sitiyenera kuwadumpha. Magetsi asanabwere, pofuna kukutira mkuwa ndi golide, amisiri ankagwiritsa ntchito mercury, chitsulo chamadzimadzi chija tinkachiona m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Ankasakaniza golide ndi mercury, n'kupaka pamkuwa, n'kuwotcha. Mercury ankauluka ngati utsi, golide n'kutsala. Utsiwo ankaupuma ndani? Mmisiri. Manja ankayamba kunjenjemera. Mano ankagweduka. Mutu unkasokonekera. Ambiri sankafika paukalamba. Mawotchi okongola a golide amene ali m'nyumba za mafumu ku Paris, ena mwa iwo anadya miyoyo ya anthu. Njira ya magetsi nayo ili ndi poizoni wake m'madzi aja, sindikubisa, koma inachotsa utsi umenewu pamphuno pa mmisiri. Ine ndikagwira supuniyi, zimenezi ndimazikumbukira.

Tibwerere kwa Christofle. Kuti malonda ayende, pamafunika munthu wamkulu ayambe wagula. Mfumu Louis-Philippe inagula. Kenaka kunabwera Napoleon III, ndipo iyeyu anaitanitsa ziwiya zochuluka zedi za kunyumba yachifumu ya Tuileries. Panali zokongoletsa za pakati patebulo lokhala anthu 100. Zifanizo za anthu. Ngolo ya nkhondo yokokedwa ndi akavalo. Ngolo ya mtendere yokokedwa ndi ng'ombe. Inde, ngolo ya ng'ombe patebulo la mfumu. Zonsezi zinali zongokutira siliva. Taganizani: mfumu ya dziko lolemera chonchija, alendo ake akudyera ziwiya zokutira. Mfumu ikatero, ndani angachite manyazi? Dokotala anagula. Loya anagula. Wamagolosale amene zinthu zamuyendera anagula. Siliva anatsika kuchoka kunyumba yachifumu n'kufika patebulo la munthu wolandira malipiro pamwezi.

M'chaka cha 1871 ku Paris kunabuka nkhondo ya pachiweniweni, ndipo m'mwezi wa May nyumba ya Tuileries anaitentha. Inayaka masiku. Moto utazilala, anthu anafukula phulusa. Ndipo zina mwa zokongoletsa zija anazipeza. Zakuda bii, zina zopindika, koma zilipo. Lero zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Musée des Arts Décoratifs, pafupi ndi Louvre. Sanazikutirenso kuti zinyezimire. Anazisiya ndi zipsera zake.

Mukukumbukira mfundo ndinati musunge ija? Siliva wa Louis XIV anatha chifukwa anali wamtengo. Zokutira zinakhala chifukwa ukazisungunula supeza kanthu. Supuni yangayi yadutsa m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Yadutsa m'njala, m'ngongole, m'mikangano ya chuma cha masiye. Palibe amene anaganiza zoiponya pamoto. Umphawi wake ndi umene unaiteteza.

Tsopano tifike pamsika. Kodi wosonkhanitsa amadziwa bwanji chimene wagwira?

Yankho lake ndi lalifupi. Amatembenuza supuni. Mlendo amayang'ana kumaso. Wodziwa amayang'ana kumsana. Kumsanako kuli tizidindo ting'onoting'ono, tina tochepa kuposa njere ya mapira. Mpake kuti anthuwa amayenda ndi kagalasi kokuzira zinthu m'thumba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa ndiye pake.

Mukaona kamutu ka mkazi wovala chipewa cha nkhondo, ameneyo ndi Minerve. Kuyambira 1838 boma la France limadinda kamutu kameneka pasiliva weniweni. Pambali pake pamakhala chidindo cha mmisiri, chooneka ngati dayamondi ya pamakhadi a njuga. Koma chidindo cha mmisiri chikakhala cha makona anayi, ngati kabokosi, dziwani kuti mwagwira chokutira. Ndibwereze, kuti tisasokonezeke. Kamutu ndi dayamondi, siliva weniweni. Kabokosi, siliva wapakhungu. Wogulitsa anene zimene anene. Chidindo sichikweza mawu, koma ndicho mboni.

Pa ziwiya zakale za Christofle mumaona kasikelo pakati pa zilembo ziwiri za C. Pa zina za m'mbuyo muno mumaona kamutu ka kavalo wa pamasewera a chess. Pa zina za mtundu wotchedwa Gallia pali tambala. Ndipo Christofle sali yekha. Kuli Ercuis, kampani imene anaiyambitsa ndi wansembe m'kamudzi ka dzina lomwelo, kumpoto kwa Paris. Enanso alipo. Kwathu kuno, amene muli ndi masupuni akale a nthawi ya atsamunda, kayang'aneni kumsana kwake. Mwina mupeza zilembo zinayi, EPNS. Amenewo ndi abale ake a supuni yangayi, koma a ku England. Nawonso ndi okutira.

Pali kanambala kena kamene ndimakakonda. Pasupuni yangayi padindidwa 84. Poyamba ndinkayesa ndi chaka. Si chaka. Ndi kulemera kwa siliva. Tanthauzo lake n'lakuti masupuni 12 ndi mafoloko 12, onse pamodzi, anawaveka siliva wolemera magalamu 84. Gawani nokha. Supuni imodzi sinalandire ngakhale magalamu 4. Kasiliva kochepa choncho. Koma taonani chimene mwini fakitale anachita. Analemba poyera. Sanabise. Anati, ndakupatsani wochuluka chonchi, kayezeni. Ndikaganiza za mphete zina zimene timagula m'tauni, zija zimasiya chala chobiriwira pakatha sabata, ndimalakalaka kanambala kotere.

Kumsana komweko kulinso china. Zilembo za dzina la mwini wake, zozokotedwa mopotanapotana. Bwanji kumsana, osati kumaso? Chifukwa Afalansa akamayala tebulo amagoneka foloko chafufumimba, mano ake akuloza pansi. Ndiye chimene mlendo amaona ndi msana. Angerezi amagoneka chagada, ndipo iwo amalemba kumaso. Zazing'ono, eti? Koma wosonkhanitsa akangoona kumene kwalembedwa dzina, wayamba kale kudziwa kwawo kwa folokoyo. Pa yangayi pali zilembo ziwiri zolukana. Cha mwamuna ndi cha mkazi, ndikuganiza choncho. Ukwati wawo unatha ndi imfa kalekale. Zilembozo zikugwiranabe.

Nanga amagula kuti? Kumpoto kwa Paris, ku Saint-Ouen, kuli msika waukulu wa zinthu zakale. Afalansa amautcha msika wa utitiri, poti kale zovala zogulitsidwa kumeneko zinkabwera ndi alendo ake. Ndi kaunjika wawo, tinene choncho. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mulu wina ndi wa mafoloko. Kunenerera kuliko, ngati kuno. Wogulitsa amayamba pamwamba, wogula amachita ngati akuchoka. Mumzinda wa Paris momwemo muli Drouot, nyumba ya okushoni. Alimi a fodya mukudziwa mmene mtima umagundira mtengo ukamatchulidwa. N'chimodzimodzi, kungoti pano belo lake ndi tiyipoti. Ndipo m'midzi, masiku a Lamlungu, anthu amatulutsa katundu wa m'nyumba n'kuyala m'mbali mwa msewu. Kumeneko ndi kumene wodziwa amatola zabwino pamtengo wa tomato.

Ena sasonkhanitsa za m'nyumba. Amafuna za m'mahotela, za m'sitima za pamtunda, za m'sitima za pamadzi. Zimenezi zinkapangidwa zolimba, zoti zipirire manja a operekera zakudya. Sitima yotchuka ya Normandie, imene inayamba maulendo a ku New York mu 1935, inali ndi ziwiya za Christofle. Sitimayo inapsa padoko ku New York pa nthawi ya nkhondo. Kapoto ka mkaka kokhala ndi chizindikiro cha kampani ya sitimayo, lero anthu amakalimbirana. Ndipo njira ya magetsi ija sinathere patebulo. Mukafika ku Marseille n'kukweza maso, paphiri pali tchalitchi, pamwamba pake chifanizo chachikulu cha Maria atanyamula mwana. Ndi chamkuwa wokutidwa ndi golide. Chinapangidwa ndi kampani yomweyi imene inapanga supuni yanga.

Tsopano ndinene maganizo anga, poti mwina wina wayamba kale kuwerengera phindu. Ngati mukufuna kulemera, musagule zokutira. Masupuni wamba alipo miyandamiyanda, ndipo achinyamata a ku France sakuwafuna. Wosula sangakupatseni kanthu. Zimene zimakwera mtengo ndi zosowa, zopangidwa ndi mmisiri wodziwika, zosawonongeka. Wosonkhanitsa weniweni akugula dzanja. Akugula ntchito ya munthu amene anazokota tsamba lililonse pachigwiriro, amene anayeza kuti supuni ikhale bwino pakati pa zala. Ikani supuni yotere pachala chimodzi, muone mmene imakhazikikira. Kenaka tengani ija ya mugolosale, ija imapindika mukamakumba nayo chiponde. Mumva kusiyana musanauzidwe.

Koma safunsa anadya phula. Zabodza ziliko. Pali mabokosi amene munthu wasakaniza mafoloko a kuno ndi masupuni a uko kuti akwane. Pali mipeni imene chigwiriro ndi chakale koma mpeni wake ndi wadzulo. Ndipo pali zimene zatha khungu. Wodziwa amayang'ana malo awiri: pansi pa supuni, pamene imakhudza tebulo, ndi kunsonga kwa mano a foloko. Pamenepo ndi pamene siliva amayambira kuchoka. Mukaona pachita chikasu, mkati mwayamba kusuzumira.

Apa ndiye pali nkhani yanga, ndipo ndiinena ngakhale ikundiwawa. Mnzanga uja anandipatsa masupuni awiri, osati imodzi. Ndinawaika mukabati. Patapita miyezi anathimbirira, poti ndi mmene siliva amachitira. Sachita dzimbiri ngati khasu. Amangoda, chifukwa cha sulufule wa mumpweya. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga anabwera kutchuthi. Mtsikana wakhama, wophunzitsidwa bwino kwawo. Anaona masupuni akuda m'nyumba ya amalume ake, manyazi anamugwira m'malo mwanga. Anatenga imodzi n'kupita nayo kuseri, kumene timakwechera mapoto. Phulusa, mchenga, sitiliwulu. Ndikubwera madzulo, anandichingamira akumwetulira. "Amalume, ina ija ndakutsukirani. Inayo ndimaliza mawa." Ndinayang'ana. Supuni inali mbee, koma mbee wake wachikasu, yodzaza mikwingwirima. Siliva amene anapulumuka nkhondo ziwiri anathera m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yanga, m'madzulo amodzi. Ndikanamukalipira bwanji? Anachita zimene amayi ake anamuphunzitsa. Poto wosakwecha ndi chitonzo. Ndinangoti, "Zikomo mphwanga, koma inayo uisiye, ndimaikonda yakuda."

Ndiye tamverani, inu amene muli ndi chokutira chilichonse m'nyumba, kaya ndi thireyi ya mphatso ya ukwati, kaya ndi chikho cha kutchalitchi, kaya ndi chikho chimene sukulu inapambana pampira. Mchenga ayi. Phulusa ayi. Sitiliwulu ayi. Madzi ofunda, sopo pang'ono, kansalu kofewa, kenaka pukutani ziume. Zikada kwambiri, yalani pepala la aluminiyamu m'beseni, thirani madzi otentha ndi soda, yemwe uja timathira mutherere, n'kuikamo supuni ikhudze pepalalo. Mumva kafungo ngati ka dzira lowola. Musadabwe. Ndi sulufule uja akusamuka. Koma musachite kawirikawiri, ndipo mipeni ya zigwiriro zamphako musaiviike m'madzi otentha, zigwirirozo zimaguluka. Kupukuta kulikonse kumachotsako kanthu. Kumbukirani, ndi khungu.

Yowonongeka ija ikhoza kukonzedwa. Ku France kudakali amisiri amene amamizanso ziwiya m'madzi a siliva, zituluke ngati zatsopano. Apa osonkhanitsa amagawikana. Ena amati supuni ndi yodyera, ivekeni, igwire ntchito. Ena amati mukaiveka chatsopano mwafufuta zaka zake, ndipo kunyezimira kwake kumakhala kwaukali, kosiyana ndi kuwala kofatsa kwa chinthu chimene manja ambiri achigwira. Ine ndili pakati. Ya mphwanga ija ndikanaiveka, ndikanakhala ndi kokaivekera. Pakali pano ili m'chitini cha shuga, ndipo ikugwira ntchito popanda dandaulo.

Inayi, imene ndagogoda nayo patebulo poyamba paja, sindiibwezeranso mukabati. Ndinazindikira kuti siliva wogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku sada msanga ngati wongokhala. Mazira okha ndiwo sindidyera, chifukwa amaidetsa nthawi yomweyo. Mawa m'mawa ndimwera phala la mgaiwa, lothira nsinjiro.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Mukamatsuka mbale usiku uno, tembenuzani supuni imodzi, muone chimene chalembedwa kumsana kwake.